Faifi Wopendekeka wa Mayi Iride

Ku Modena kuno aliyense ali ndi chake chonyadira, wina viniga wosunga kudenga, wina masoseji, koma mayi Iride Malagoli chawo chinali dzanja. Anagwira zaka khumi ndi chimodzi pafakitale ya galimoto zampikisano, ntchito yawo ili yokhoma manambala pa mainjini ndi nyundo, nambala imodziimodzi. Anali atafika zaka 81, koma nyimbo inali yomweyo, yoti iwo sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Wogulitsa buledi ankaidziwa, wansembe ankaidziwa, ndipo ife anansi awo tinaimva mpaka makutu kuwawa.

Lachiwiri lina m'mawa, Ermes Vandelli, makaniko wa kuseri kwa nyumba yawo, anagogoda nkhope ili yakugwa. Galimoto yofiira ya 1964 imene malemu bambo ake anamusiyira inkafunika chikalata kuti ilowe nawo pa perete wa galimoto zakale, ndipo katswiri wochokera ku Milano anali ataikana. Akuti nambala ya pa injini ndi yabodza, wina anachita kuikhomera kunyumba. Aliyense akanaloza chala bambo a Ermes, munthu amene moyo wake wonse sanabepo ngakhale kabawuti.

Mayi Iride anavula epuloni, ufa uli mbuu m'manja, n'kumulondola kugalaja, kumene katswiriyo anali asanachoke.

Katswiriyo, bambo Galbiati wa nsapato zonyezimira, anawafotokozera ngati akuphunzitsa mwana. Manambala atatu oyamba amanena mtundu wa injini, chilembo chapakati chimanena kuti ndi yampikisano, ndipo anayi omaliza amanena kuti inali yachingati kupangidwa chaka chimenecho. Zonse zinkagwirizana ndi mabuku ake. Vuto linali faifi womaliza: anali wopendekeka, wokhomedwa kawiri, ndipo pansi pake pankaoneka sikisi wofufutika. Iye anati anaonapo mainjini mazanamazana a chaka chimenecho, onse manambala ake owongoka bwino.

"Dzanja la pafakitale silikanachita uve wotere, mayi," anatero.

Munthuyo ankawatamanda osadziwa, ndipo mawuwo anawakomera. Mayi Iride anayendetsa chala pachitsulocho, ndipo faifiyo anamuzindikira. Akanangovomera ndi mutu, mbiri yawo ikanapita nawo kumanda ili yoyera, chifukwa anzawo onse a pabenchi yokhomera manambala kufakitale anali atatsikira kulichete. Anayang'ana Ermes, amene anali kupukuta sipanala yoyera kale, ndipo chisoni chinawagwira.

"Ermes mwana wanga, tamasula chosefera mafutacho, uone kuseri kwa chitsulo chimene chachigwira."

Ali mkati momasula, iwo anafotokoza mwambo wa pabenchi pawo, umene sunalembedwe m'buku lililonse. Ukalakwitsa nambala sunkapala chitsulo, chifukwa kupala ndi ntchito ya mbava. Unkakhoma nambala yolondola pamwamba pomwepo kapitawo akuona, kenako n'kukhoma chizindikiro chako pamalo obisika kuti mlandu udziwike mwini wake. Loweruka unkabwera ndi botolo la vinyo, anzako n'kumamwa akukuseka. Chizindikiro chawo chinali timadontho titatu ndi kamzere.

Ermes anayatsa tochi n'kupukuta litsiro la mafuta la zaka makumi asanu ndi limodzi. Timadontho titatu tinali pomwepo, ndi kamzere kake. Anakhala pansi pasimenti n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

"Ndiye kuti uve ndanena uja ndi wanu?" anafunsa bambo Galbiati, akusowa poyang'ana.

"Wanga ndithu. Malemu amuna anga anali atandifunsira dzulo lake, mutu unali kwina. Vinyo ndinagula, anzanga anamwa. Atatha kufa onse, ine n'kuyamba kunama."

Manyazi analipo, sitingabise, pakuti mawa lake msewu wonse ukhala utamva. Koma mayi Iride anaima chilili ngati mtsikana, ndipo kunyada kumene anali nako tsiku limenelo kunaposa kwa masiku onse. Bambo Galbiati anatulutsa cholembera n'kufunsa mwaulemu kuti alembe zotani.

"Lembani kuti bambo ake a mwanayu sanaikhudze nambalayi. Kenako mulembe dzina langa pafupi ndi faifi ameneyo. Ndipo manambala owongoka aja, amene mwakhala mukuyezera anthu zaka zonsezi, mulembe kuti ndi anganso."