Galimoto Yokana Kulira

"Imene ija ndinaiponda ine pamsewu waukulu wa M50, tsiku la Khirisimasi. Apolisi anangoona utsi."

Mawuwo anali a Bennet, kukhitchini, ndipo Scholastica anawamva ali pabalaza, pamatiresi amene amayi a mpingo anamukhazikapo. Galimoto imene ankainenayo inalibe nambala, inalibe inshulansi, ndipo sinagundepo msewu wa boma. Bennet naye mayeso a layisensi anali atalephera katatu. Koma pamaliro a mng'ono wake munthu amaloledwa kuyankhula, makamaka ngati nkhuku zonse wagula ndi iyeyo.

Mwamuna wa Scholastica, Aloysius, anagwa Lolemba m'mawa pasiteshoni ya sitima ku Balbriggan, kudziko la azungu kumene ankakhala. Madokotala anati mtima. Anasiya mkazi, mwana wamkazi mmodzi dzina lake Temwa, ndi galimoto ya mpikisano yopuma pantchito.

Aloysius anali makaniko wa bwana wina womanga nyumba, amene m'zaka za kukhuta anagula galimotoyo kuti aziionetsa alendo. Pa unyamata wake inkathamanga mipikisano ya usana ndi usiku osapuma. Chuma chitagwa mu 2009 bwanayo anagwa nacho, katundu n'kupita pa okushoni. Aloysius anati akukangoonerera. Anabwerako ndi risiti ya galimotoyo, ndipo nyumba imene ankati amange ku Dedza inathera pomwepo.

"Make Temwa, zinthu izi sizitsika mtengo," anatero tsikulo, ataima pafupi ndi chitseko.

Mpando inali nawo umodzi. Petulo wa anthu wamba sinkamwa. Matayala anayi ankadya renti ya miyezi iwiri. Inkagona mushedi yolipira kuseri kwa Citywest, eni ake akupita kutchalitchi pa basi.

Tsopano mayi ake a Aloysius ankadikira thupi ku Bembeke. A kampani yonyamula maliro anati akapanda kulipidwa pofika Lachisanu, ndege ya Lolemba inyamuka popanda bokosi. Mbale ya chipepeso inazungulira kawiri, koma theka la anthuwo ntchito zinali zitawathera. Temwa anaika galimotoyo pa intaneti, ndipo anayankha munthu mmodzi yekha, mzungu wa ku Belfast, Bambo Gilchrist. Anati abwera Lachinayi 2 koloko. Injini ikalira alipira pompo. Ikapanda kulira, iye sagula zitsulo.

"Musade nkhawa, alamu," anatero Bennet. "Ine ndilipo."

Scholastica anadera nkhawa chimenecho.

Lachinayi anapita asanu ndi mmodzi, motsogozedwa ndi Mayi Chrissie, wapampando wa amayi a mpingo. Mushedimo munkazizira ngati mufiriji. Scholastica atangolowa anazungulira kumbuyo kwa galimotoyo n'kulowetsa pulagi ya kabokosi kakuda m'soketi. Palibe anamufunsa, ankayesa akutchaja foni. Aloysius ankayamba ndi zimenezo Lamlungu lililonse: oyilo atenthe kaye mphindi makumi anayi, apo ayi injini siilola n'kutembenuka komwe. Zimenezo ankazidziwa, chifukwa mphindi zimenezo ndi zomwe awiriwo ankamwera tiyi. Za masiwichi khumi ndi anayi a m'katimo sanaphunzirepo.

Bennet anavala magolovesi. Anagwira chanza Bambo Gilchrist, n'kuwauza kuti iye ndi malemu anaikonza limodzi. Kenaka anayesa kulowa. Mwendo unalowa, mimba inakanidwa ndi zitsulo zopingasa pakhomo. Anatuluka, analowetsa mutu ndi mkono, n'kudina batani lofiira.

Zii.

Anadinanso, nthawi ino mwaukali.

"Batire," anatero akudziwongola. "Tiikankhe."

"Tiikankhire kuti, alamu?" anafunsa Scholastica. "Kutsogoloko ndi khoma."

Bambo Gilchrist anayang'ana wotchi, n'kunena m'Chingerezi kuti 3 koloko ikakwana iwo auyamba wobwerera.

Mayi Chrissie anakonza mpango wawo. "Galimoto ya malemu ikakana kulira pamaliro, si batire ayi. Mwini wake ali ndi mawu. Kwathu lole inaima pa Nsipe maola asanu ndi bokosi, mpaka malume a munthu anatsika n'kupepesa. Pano pali amene ali naye mangawa."

Aliyense anapeza choona pansapato zake.

"Ine jeke yawo ndibweza mawa," anatero Kebby wa kukwaya, osafunsidwa.

"Jeke siimitsa maliro, bambo," anayankha Mayi Chrissie.

Scholastica anayang'ana foni. Zinatsala mphindi makumi awiri kuti oyilo atenthe. Akanatha kunena. Koma anaona thukuta pamphumi pa Bennet, m'chisanu chimenecho, ndipo anabweza foni m'chikwama.

Bennet anadina kachitatu. Anavula golovesi imodzi. Anavula inayo. Kenaka anagwada pasimenti, dzanja lili pa tayala.

"Aloyi, mng'ono wanga. Usatichititse manyazi pamaso pa mzungu."

"Zomwezo?" anafunsa Mayi Chrissie.

Bennet anapitiriza. "Amayi atandifunsa za nyumba ija, ndinawauza kuti ndalama anatenga ndi alamu, anatumiza kwawo ku Zomba. Ndinkaopa kuti akamva za galimoto BP iwakwera."

"Munkaopa BP," anatero Mayi Chrissie.

"Komanso pa okushoni paja amene ankamuuza kuti akweze dzanja ndinali ine."

Scholastica anatsamira khoma. Zaka ziwiri zathunthu apongozi ake pafoni ankangoti "tadzuka" n'kupereka foniyo kwa mwana. Iye ankati ndi ukalamba. Ndipo sabata ikubwerayo anali woti akatule bokosi pakhomo pomwepo, pamaso pa mudzi wonse wodziwa kuti iyeyo ndi wakuba.

"Galimoto yamva," anatero Mayi Chrissie. "Koma amayiwo sanamve."

"Mufoni mulibe mayunitsi," anatero Bennet.

Mafoni atatu anatuluka nthawi imodzi. Bennet anasankha ya Kebby, ndipo Mayi Chrissie anadina pokweza mawu kuti aliyense amve. Inaitana nthawi yaitali. Kenaka kunamveka nyimbo za pasiwa, ndi mawu a munthu wokalamba.

"Amayi, ndine Bennet. Za ndalama za nyumba zija ndinanama. Alamu sanatenge ngakhale tambala."

Mawu okalamba aja anamvekanso.

"Undipatse mpongozi wanga."

Scholastica analandira foniyo ndi manja awiri.

"Make Temwa, ubwera naye ndiwe mwana wangayo?"

"Ndibwera nawo, amayi. Galimoto ikangolira."

"Galimoto yanji?"

"Alamu akufotokozerani," anatero, n'kubweza foni kwa Bennet, yemwe anatuluka nayo panja akuyenda ngati wanyamula mtsuko wodzaza.

Pa kabokosi kakuda paja nyali yobiriwira inayaka. Inali 2:51. Bambo Gilchrist anali atatulutsa kale makiyi a galimoto yawo.

Scholastica anavula nsapato, anakwinya chitenje, n'kudutsa pakati pa zitsulo zija. Mumpandomo munthu ankachita kugona chagada. Masiwichi anali pamaso pake, onse ofanana.

Ndipo anaona timapepala. Tinamatidwa m'munsi, m'mbali mwa mpando, pamalo poti woimirira panja sangaone. Zilembo zinali za Aloysius, zopendekera ngati mpanda wakale.

"1. Make Temwa, oyilo watentha? Usapupulume."

"2. Chofiira chachikulu, tembenuzira kumanja."

"3. Ziwiri zapamwamba. Ukamva ngati njuchi, ndi petulo akubwera."

Anatsatira. Njuchi zinamveka. Mayi Chrissie anachita chizindikiro cha mtanda, Bambo Gilchrist anabweza makiyi m'thumba.

"4. Usanadine batani, pisa pansi pa mpando. Iwe sukonda phokoso."

Anapisa. Anapeza kapaketi kosatsegula, m'kati muli tinthu tiwiri tachikasu totsekera m'makutu. Anakayang'ana nthawi yaitali kuposa imene inalipo. Kenaka anang'amba kapaketiko ndi mano, anatseka khutu lakumanzere, anatseka lakumanja, n'kuika chala pa batani.