Kabwato ka a Silas ndi Foni ya pa Chulu

Mayi Eneless ankadana nako kabwato ka amuna awo. Kanali kofiira, kapulasitiki, kolowa munthu mmodzi basi, ndipo a Silas anachita kupatsidwa ndi mphunzitsi wachizungu amene ankabwerera kwawo atamaliza ntchito ku Domasi. Loweruka lililonse nyengo ya dzinja, mtsinje ukadzaza, bambowo ankakasenza pamutu n'kukapalasa mpaka pamlatho wa msewu wa ku Liwonde. Nsomba osabwera nayo ngakhale imodzi. Akuti kungosangalala, munthu wa imvi zake.

Anthu a kwa Malemia ankaseka, koma mayiwo sankaseka nawo. Mtsinje womwewo unawatengera mchimwene wawo zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, ndipo thupi silinapezeke.

Mu Disembala 1999 anawauza mosapsatira mawu: "Bambo a Rabecca, tipeze njira yoti muzindiuza kuti mwatuluka m'madzi. Apo ayi, kabwato aka muzimwera abakha."

Rabecca, mwana wawo wa ku Blantyre, atamva anatumiza foni ya m'manja, yolemera ngati njerwa. Kunatsala kusankha kampani, ndiye makolowo anakwera minibasi kupita ku Zomba. Kampani ina inkafuna bilu mwezi ndi mwezi. Inayo umagula kakhadi, n'kukapala, n'kulankhula mpaka mayunitsi atha. Mayi Eneless, amene ankazimitsa nyali munthu asanamalize kuyala mphasa, sanataye nthawi: anasankha yamakhadi, yotchipayo.

Kumudzi foni inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa tchalitchi. Choncho anapangana kuti foni izikhala ndi mayi pachulupo, a Silas akafika pamlatho aziimba pa foni ya m'golosale ya a Makaiko.

Loweruka loyamba mtsinje unadzuka uli wamatope, ukukokoma. A Silas anapitabe. Mayi Eneless anatsala akuiyang'ana foni ija ikuwala. Wailesi ukaisiya ikulira imadya mabatire, nyali imamwa palafini, nanga ichi chingawale chaulere? Anaizimitsa kuti mayunitsi asathe, poganiza kuti munthu akaimba idzuka yokha monga ya ku positi ofesi.

Nthawi ya 2 koloko anali ali kale pachulu. Anakhala pansi, nyerere zinawaluma, anaimirira. Anaika foni kukhutu, ili zii. Anatsika kuti akasuzumire kumtsinje, koma atayenda pang'ono anabwerera akuthamanga, kuopa kuti ingalire iwo ali kumunsi. 3 koloko inakwana. Azimayi ochokera kokasesa m'tchalitchi anawafunsa ngati kuli kwabwino, iwo anangogwedeza mutu. Anachita mantha, mantha enieni, omwe aja a tsiku limene anayenda m'mbali mwa mtsinje akuitana dzina la mchimwene wawo. Pofika 4 koloko anali atamulonjeza Mulungu zinthu zambiri, ndipo kabwato anali atakawaza kale ndi nkhwangwa mumtima mwawo.

Kenaka anaona munthu akubwera chothamanga m'njira ya m'chimanga, wopanda nsapato, nkhafi ili m'manja. Anali a Silas, wefuwefu, miyendo itakalika ndi minga.

"Mayi a Rabecca, muli moyo?"

"Inu ndi amene mukundifunsa ine? Bwanji simunaimbe?"

"Ndaimba kasanu ndi katatu. Kumangoyankha kamtsikana kuti simukupezeka. Ndimayesa BP yanu ija yakugwetsani pachulu pano muli nokha."

A Silas anatenga foni ija, naitembenuza. "Mwazimitsa?"

"Imadya mayunitsi."

A Silas anakhala pansi pomwepo, pa nyerere zomwezo, akufuna kuseka koma mpweya ukuwakana. "Siidya ukapanda kuimba, mayi."

Manyazi anawagwira Mayi Eneless mpaka anasowa poyang'ana. Anayang'ana nkhafi.

"Nanga kabwato?"

"Ndinangokasiya pamchenga osamanga. Ndili pamlatho ndinaona madzi akukatenga. Sindinabwerere."

Zaka ziwiri mayiwo anapempherera mawu amenewo, koma atawamva mtima unawawawa. Munthu uyu, amene sankalola ngakhale nkhuku kutera pakabwatoko, anakaona kakupita, iye n'kuthamangira kuchulu.

Anamanga chitenje mwamphamvu, natola nkhafi.

"Dzukani, dzuwa likadalipo. Mwina kakodwa m'mabango kumunsiku."

"Inu, kumtsinje?"

"Malo onse amene madzi amatayako zinthu ndikuwadziwa," anatero Mayi Eneless, natsogola.