Kapinga wa a Gervazio

"Denga limeneli lindiphera kapinga," anatero a Gervazio Zikhalo, chala chili papepala.

Anthu a m'komiti ya bwalo la mpira la pa Linthipe anaseka. Anali atakhala pamabenchi, pepala la pulani atalitsendereza ndi miyala kuti lisauluke ndi mphepo ya mu Juni. Timu yawo ya Makasu inali itangokwera kumene mu ligi yaikulu, ndipo boma linali litatulutsa ndalama zokonzera bwalolo. Oyang'anira ligi anali atachenjezeratu kuti bwalo likakhala lamatope, Makasu azikasewerera ku Lilongwe ngati alendo.

"Mwamva?" anatero wapampando, a Levison Mandla. "Ife tikukamba za sitediyamu, mkuluyu akukamba za udzu. Achimwene, udzu ndi nkhani ya mbuzi."

A Mandla anali anthu aja otulukira ndalama zikangomveka fungo. Ankavala jekete lachikopa, n'kumasimba za mabwalo a kunja amene ankawaona pa kanema, otsekedwa pamwamba ngati tchalitchi. Ndalamazo sizikanakwana kuvundikira bwalo lonse, choncho ankafuna ayambire mbali ya kumsewu, kotulukira dzuwa. Kumeneko kumangidwe khoma lalitali ndi denga lofika mpaka pamzere wa bwalo, kuti aliyense wodutsa pa basi azitembenuka khosi.

A Gervazio bwalolo analipeza lili katondo ndi miyala, anyamata akusupuka maondo Loweruka lililonse. Iwo ndiwo anakumba kapinga kudambo, kumunyamula panjinga ndi kumubzala phata limodzilimodzi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ankathira manyowa, kusenga ndi chikwakwa, kuthirira ndi keni mu Okutobala. Palibe anawatuma, palibenso anawalipira.

Msonkhano utatha, a Mandla anawakokera pambali.

"Tamverani, achimwene. Bwalo latsopanoli lidzafuna kapitawo, wa yunifolomu, wa malipiro a pamwezi. Dzina lanu ndalilemba kale. Koma Lachinayi kukubwera injiniya kudzasaina pulaniyi. Inu mudzangokhala chete ngati muli pa Misa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

Atafika kunyumba anawauza akazi awo, amene ankasankha mbatata yakachewere pakhonde.

"Ndiye mukuganizaganiza chiyani?" anatero a Rute. "Msana wanuwo ukulira ngati chitseko. Kapingayo adzakugulirani mankhwala?"

"Sadzandigulira."

"Ndiye tsekani pakamwa, bambo. Tsiku limodzi lokha."

A Gervazio anavomera ndi mutu. Anatsimikizadi kuti akakhala chete.

Lachinayi, cha m'ma teni koloko, nkhungu itangoyamba kumwazika, galimoto inaima pabwalo. Munatsika mayi wocheperako msinkhu, dzina lake Linda Zondiwe, atavala nsapato zakuda zonyezimira. A Gervazio atangoona nsapatozo anadziuza kuti zatha. Anali atawaonapo ambiri ophunzira otere. Amafika, kujambula ndi foni, kufunsa kumene kukugulitsidwa kabichi wotchipa, n'kubwerera.

A Mandla anamuyendetsa mayiyo uku ndi uku, manja ali m'mwamba kusonyeza kutalika kwa denga. Kenaka anayala pepala pabonati ya galimoto ndi kumupatsa cholembera. Mayiyo sanachilandire msanga. Ankayang'ana pansi.

"Udzu wokongola chonchi akuusamalira ndani?"

"Aa, ndi mkulu uyo," anatero a Mandla. "Koma ndi wamanyazi, sayankhula."

"Bambo, denga limeneli mwaliona bwanji inu?"

A Gervazio anayang'ana a Mandla, anayang'ana kapinga. Anakumbukira mawu a akazi awo. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Amayi, ine sukulu ndinalekera sitandade foro, za papepala sindizitha. Vulani nsapato."

"Mwayamba misala?" anakuwa a Mandla. "Mlendo wolemekezeka ayende chosavala ngati akupita kudimba? Pepani, amayi, tsabola wakale sawawa, musawamvere."

Koma Linda anali atawerama kale. Anavula nsapato ndi masokosi, n'kuziika pabonati pambali pa pulani ija.

A Gervazio anamutsogolera pakati pa bwalo. Kapinga anali wouma, wothithikana, wofunda kumapazi. Kenaka anapita naye kukona ya kumsewu, kumene shedi yakale ya chimanga inkagwetsa mthunzi wake. Atangoponda mumthunzimo, mayiyo anadumpha.

"Mayo, kuzizira!"

Matope anatuluka pakati pa zala zake. Kapinga kumeneko anali wapatalipatali, wachikasu, ndipo pansi panali ndere zoterera.

"Kona imeneyi yandigonjetsa," anatero a Gervazio. "Ndabzalapo kasanu. Kuno si ku Salima, amayi. Kuno mame ndi nkhungu zimagona pansi mpaka dzuwa lizithamangitse. Likachedwa maola awiri okha, ndi zimene mwapondazi. Shediyi ndi yaifupi. Denga la papepalalo ndi lotalika kawiri kuposa shediyi. Mthunzi wake udzafika pakati pa bwalo."

Linda anaima pomwepo kwa kanthawi, akuyang'ana dzuwa, akuyang'ana pothera mthunzi. Sanatuluke m'matopemo.

"Nanga oonerera tiwasiye panja, azinyowa ndi chiperoni?"

"Chiperoni imachokera kuti?" A Gervazio analoza kum'mwera, kumapiri. "Nayo mphepo ikukuwombani m'khutuyi. Mangani uko, khoma lipereke msana kumphepo. Denga likhale longokwana mitu ya anthu. Miyezi yozizira ino dzuwa limadzera cha kumpoto, ndiye mthunzi uzigwera kuseri, kwa mbuzi za a Mandla zija. Bwalo lisiyeni lione kumwamba."

Ena a m'komiti anaseka, koma a Mandla nkhope inali itada.

"Uko adzalione ndani? Akhwangwala? Ndalama za boma zimafunika kuoneka!"

"Zidzaoneka Loweruka, anyamata akamasewera pakhomo," anatero Linda. Anabwerera kugalimoto, anapinda pepala lija ndi kubweza cholembera. "Iyi sindisaina. Tinaijambula tili mu ofesi. Ndikaijambulanso."

Anapukuta mapazi ndi mpango wake, kenaka anawagwira a Gervazio dzanja ndi manja awiri, atapinda bondo. M'moyo wonse wa mkuluyo, wophunzira anali asanamufunsepo kanthu n'kudikira yankho.

Anamanga kum'mwera. Koma ntchito ya ukapitawo a Mandla anaipereka kwa mlamu wawo, a Bonifasio, amene ankagulitsa mayunitsi a foni pasiteji ya basi. A Rute anatha sabata osawayankhula amuna awo.

Bwalo linatsegulidwa chaka chotsatira, mu Julayi. Oyang'anira ligi analiyendera, analivomera. Pamwambo anatchula maina ambiri ndi maudindo ake, koma la a Gervazio silinamveke. Iwo analipira pageti monga wina aliyense, n'kukakhala pa sitepe ya pansi penipeni. Chiperoni inkamenya khoma kumbuyo kwawo, koma pa jekete lawo sipanagwe dontho. Makasu anagoletsa, goloboyi wa alendo anagwa chafufumimba pa kapinga, anadzuka maondo ali bwinobwino. A Gervazio anaona maondowo, osati chigolicho.

Patatha masabata atatu, ali kudimba kuthirira anyezi, anamva kutsokomola kumbuyo. Anali a Bonifasio, mu yunifolomu yobiriwira ndi majombo atsopano, chipewa chili m'manja.

"Odi, achimwene. Pagolo la kumtunda paja udzu wayamba kufiira. Ndathira feteleza kawiri, ukungoipiraipira. Alamu akuti zikapitirira andichotsa."

"Safunsa anadya phula. Mwathira wochuluka bwanji?"

"Thumba lonse."

A Gervazio anatseka maso ngati aluma mchenga. Anakhuthula madzi otsala mu keni, anatenga khasu lawo laling'ono, n'kutsogola. Atafika pamzere wa bwalo anaima, anavula nsapato zawo zamatayala, ndipo anayang'ana majombo a mnzawoyo.

"Nanunso vulani," anatero.