Masiku Asanu Patsidya pa Nyumba ya Febby

Mwamuna wanga Chibesa amaphunzitsa sayansi ku yunivesite, ndipo ndinene mosabisa mawu kuti nzeru zakezo zinanditayitsa mwana.

Mwango, mwana wathu mmodzi yekhayo, anachoka pakhomo pathu ku Woodlands Lamlungu, atakangana ndi bambo ake za mnyamata wina wa ku Kabwata. Tinkaganiza malo awiri basi: kwa mnyamatayo, kapena kwa mng'ono wanga Febby ku Chelstone. Nthawi imeneyo foni ya m'manja inali ya mabwana okhaokha. Ine ndinati tipite kwa Febby tikagogode.

"Tikagogoda tamudzidzimutsa, athawa," anatero Chibesa.

Anandikhazika pansi ngati mwana wa m'kalasi mwake. Akuti anzake akunja amayesa kamphete ka waya kozizira kwambiri, momwe magetsi amazungulira cha kumanja kapena cha kumanzere. Amafuna kudziwa ngati magetsiwo amakhaladi mbali imodzi pamene palibe akuyang'ana. Vuto n'lakuti kuyeza kwenikweniko kumagwedeza chinthucho. Ndiye amaika choyezera chomva mbali imodzi yokha. Chikakhala chete, wadziwa kuti ali mbali inayo, osakhudza kanthu.

"Bashi Mwango, mwana wathu si waya," ndinatero, pomuitana mwa kwathu kuti bambo a Mwango.

Sanandimve. Ineyo ndinagonja, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Kuyambira Lolemba Chibesa ankadzuka mbandakucha, n'kukaima pokwerera minibasi patsidya pa nyumba ya Febby, nyuzipepala kumaso. Makondakitala anafika pomuzolowera, n'kusiya kumuitanira. Ankati munthu sangathe sabata osatuluka m'nyumba, ndiye ngati Mwango sakuoneka ku Chelstone, ali ku Kabwata. Madzulo ankabwera nsapato zili mbuu, n'kungoti, "Chete." Lachisanu anakhala pampando osavula jekete.

"Ali kwa mnyamata uja. Wasankha yekha, musiye."

Magazi anandiwira. Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ndekha, ndipo chitseko cha Febby ndinachimenya ndi chibakera.

Febby anatsegula maso ali ofiira. "Mwachedwa, ba sisi."

Mwango anali momwemo masiku onse asanu. Lolemba lomwelo anawaona bambo ake pawindo, n'kulumbiritsa Febby kuti asatuluke kukawaitana. M'mawa uliwonse ankasamba, kuvala, n'kukhala kuseri kwa katani chikwama chili pamiyendo, kudikira kuti bambo akewo awoloke msewu.

"Nanenso ndinkaopa," anatero Febby. "Mlamu kuima pamsewu osabwera ngakhale kudzapereka moni, ndinati mkwiyo wake ndi waukulu. Dzulo mlamu atangokwera minibasi, Mwango anati, 'Adadi abwera kudzandilonda, sanabwere kudzanditenga.' Ananyamula chikwama n'kutuluka."

"Wapita ku Kabwata?"

"Mnyamatayo anali pano m'mawa uno, naye akumufunafuna."

Ndinayenda m'tauni tsiku lonse, mpaka ku Kamwala, kuyang'ana nkhope za ana a eni ake.

Kunyumba ndinam'peza Chibesa akuchonga mayeso. Ndinamuuza zonse nditaimirira, osakweza mawu, chifukwa ndikanakweza ndikanaphwanya zinthu. Anaika cholembera pansi.

"Anandiona?"

"Tsiku lililonse, bashi Mwango. Atavala kale nsapato."