Dzanja la Mathias

Kalatayo inabwera mu 1978, yopanda sitampa. Woyendetsa lole anaisiya pakhomo ku Kabwata n'kupita. Mathias anali atachoka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, akuti kukafuna ntchito. Abale ake anati anamwalira kalekale, nyumba ndi yawo, Perpetua mkazi wake atuluke. Kalatayo anati ndi yabodza, sanailembe Mathias. Nkhani inapita kukhoti.

Loya wa Perpetua, a Chibesa, anamuitanira ku ofesi kwawo mu Cairo Road. Munali mkulu wina wa jekete lothaitha.

"Awa ndi ba Nicodemus. Zaka makumi atatu akhala akuyang'ana masiginecha kubanki. Woweruza amawamvera. Koma mudziwiretu, amai, si athu. Amanena zimene aona."

Perpetua anatulutsa makalata akale asanu, a nthawi ya chibwenzi. Anachita manyazi. Munali mawu amene sankafuna kuti munthu wina awerenge.

A Nicodemus anawayala patebulo, onse mozondotsa. Yatsopano ija anaizondotsanso.

"Mwazondotsa, atate."

"Dala. Ndikawerenga mawu ndimva chisoni, ndiye chisoni chimanamiza maso. Ine ndiona pomwe cholembera chatsikira ndi pomwe chanyamukira."

Anawerama ndi galasi lake lokulitsira zilembo. Kunja basi ya ku Chelstone inkaitanira anthu. Perpetua anangoyang'ana dzina lake lomwe, lozondoka. Mathias ankalilemba ndi mchira wautali.

Mkuluyo anaweramuka.

"Ndi dzanja limodzi. Wokopera amaima panjira, kupuma, kuyang'ana. Uyu sanaime."

A Chibesa anamenya tebulo. "Basi! Lachinayi mukanene zomwezo."

"Koma dzanjali likunjenjemera. M'makalata akalewa silinkatero."

"Ah, ba mudala, zimenezo musiye kunyumba. Abale aja adzati anafa atangolemba."

"Akandifunsa, ndidzanena."

Anakangana pang'ono. Perpetua sanawamve. Za nyumba anali ataiwala. Ankaona Mathias atakhala penapake, pepala pabondo, m'tauni imene iye sankaidziwa ngakhale dzina.

"Atate, kunjenjemerako. N'kuzizira kapena n'kudwala?"

"Zimenezo m'khoti sindinganene, amai. Sindine dokotala."

"Muno si m'khoti."

A Nicodemus anavula magalasi. Anawapukuta.

"Akudwala. Koma cholembera anagwira yekha, mpaka mzere womaliza."

"Ali kuti?"

"Pepala silinena."

Perpetua anafunsa a Chibesa ngati khoti lidzamubwezere kalatayo mlandu ukatha. Anati mwina, pakapita miyezi. Perpetua anapempha pepala ndi pensulo. Anakhala pakona, nayamba kuikopera mawu ndi mawu.