Diso Limodzi la a Thomson

Pamene namwino anatuluka ndi katoni yaing'ono m'manja, a Thomson anali atakhala pa benchi ya pakhonde la chipatala kuyambira m'mawa, manja ali pamaondo. Sanamuone namwinoyo. Anangomva anthu asiya kulankhula, kenako mwana wawo Aliness anawagwira paphewa n'kuwauza kuti amvetsere.

Pakhondepo panali anthu a ng'ala okhaokha, ambiri mwa iwo okalamba, aliyense ndi womuperekeza. Ena anachokera ku Jenala, ena ku Nazombe, ena kutsinde kwa phiri la Michesi. Madokotala a maso anali atabwera kwa masiku ochepa chabe, ndipo uthenga wake unali utalengezedwa m'matchalitchi ndi m'mizikiti.

Namwinoyo anati dzina lake ndi Rozaria. Anafotokoza kuti makina aakulu ochotsera ng'ala amafuna magetsi osathimathima, koma ulendo uno madokotala abwera ndi kachipangizo katsopano kogwira m'manja, kooneka ngati cholembera. Kunsonga kwake kuli kawaya kopyapyala ngati tsitsi. Dokotala amakalowetsa m'diso pa kabala kakang'ono, kawayako n'kukola ng'ala ngati khwekhwe, n'kuidula kuti ituluke mosavuta. Ikatuluka amaikamo kagalasi koyera, munthu n'kuyambanso kuona. Atatero anatulutsa kamodzi kophunzitsira, nakapereka kwa amene anali kumapeto kwa benchi kuti aliyense akakhudze.

Pafupi ndi a Thomson panakhala Che Amidu, bambo wolankhulalankhula amene ankakonza njinga pamsika wa ku Jenala maso asanawakanike. Kachipangizoko katafika kwa iwo anakapapasa mofatsa, n'kuseka.

"Amayi, aka ndi waya wa mabuleki basi. Mundipatse pulayara, pofika madzulo ndakupangirani katoni yodzaza."

Rozaria nayenso anaseka. Anawauza kuti kampani ya kunja imene inatulukira kachipangizoko inakalembetsa mwalamulo kuti luso limeneli ndi lake, ndipo wina aliyense wopanga kofanana nako popanda chilolezo akhoza kuimbidwa mlandu.

"Akandipeza bwanji ku Jenala? Ngakhale apongozi anga amasochera," anatero Che Amidu.

Kuseka kutatha, Rozaria ananena chimene anatulukira. Kachipangizo kamodzi kamagwira diso limodzi, kenako kamatayidwa kuopa kufalitsa matenda. Kampaniyo inapereka tochepa, ndipo kulibe kwina kokatipeza. Anthu anali atabwera ochuluka kuposa mmene ankayembekezera, choncho madokotala anagwirizana kuti aliyense amuchite diso limodzi lokha. Linalo lidikire ulendo wina, ndipo iye sankadziwa kuti ulendowo udzakhala liti.

Ena anang'ung'udza. Che Amidu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, n'kuika kachipangizoko m'dzanja la a Thomson. A Thomson anakagwira pang'ono n'kukapatsira wina. Che Amidu anawafunsa kumene achokera, iwo n'kuyankha kuti tsopano akukhala ku Nazombe, koma kwawo kwenikweni kunali kutsinde kwa Michesi, kumene kunadutsa napolo chaka cha namondwe uja. Che Amidu anawapepesa motsitsa mawu.

Ng'ala inawagwira a Thomson pang'onopang'ono, zaka zingapo namondweyo asanabwere. Anayamba kulephera kusiyanitsa nandolo ndi udzu, kenako nkhope za anthu, mpaka kunangotsala kuwala ndi mdima. Akazi awo, a Eveles, ndiwo anasanduka maso awo. Ankawagwira pamkono popita kutchalitchi, kuwauza amene akubwera m'njira asanawapatse moni, ndi kuwakalipira akamayenda okha kupita kudimba.

Tsiku la napolo mvula inali itagwa osaleka, ndipo m'mawa phiri linayamba kulira. A Eveles anawakoka amuna awo mpaka kusukulu imene inali pamtunda, nawakhazika m'kalasi pakati pa anthu ena. Anawauza kuti akhale pomwepo, akukamasula mbuzi m'khola, abwera posachedwa. Pasanapite nthawi a Thomson anamva chimkokomo ngati malole ambiri akutsika phiri pamodzi. Pansi pananjenjemera, anthu anakuwa. Iwo anakhalabe pamene anawakhazika.

Thupi la a Eveles silinapezeke. Abale anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa thupilo, nyimbo zinaimbidwa, mwambo unatha. A Thomson sanalire. Anthu anati ndi mantha, misozi idzabwera yokha, koma sinabwere. Aliness anawatengera ku Nazombe kumene ankakhala ndi mwamuna wake Lekani. Kumeneko ankadya akapatsidwa, kusamba akauzidwa, n'kukhala pamkeka kuseri kwa nyumba mpaka wina awalowetse. Mumtima mwawo munali ngati mwendo umene munthu waukhalira nthawi yaitali.

Rozaria atabwerera mkati kukayamba kuitana mayina, a Thomson anatembenukira kumene kunali mwana wawo.

"Aliness, ukawauze anamwino kuti kachipangizo kanga akapereke kwa bambo awa. Awachite onse awiri. Iwowa ali ndi ntchito yowadikira."

"Ayi achimwene, mapanga awiri avumbwitsa," anayankha Che Amidu. "Limodzi likwanira kuona ngati akazi anga andiikira mnofu kapena fupa."

A Thomson anati sakunena mwaulemu chabe. Iwo palibe chimene chatsala choti aone.

Aliness anawadzutsa n'kupita nawo kumapeto kwa khonde kumene kunalibe anthu. Analankhula motsitsa mawu. Anawakumbutsa kuti anasiya kugulitsa tomato pamsika chifukwa sangawasiye okha pakhomo, kuti dimba akulima Lekani yekha, ndipo ngakhale Lekaniyo sanadandaulepo, masiku ano akafika kunyumba salankhula. 

"Bambo, ine ndatopa. Sindinakuuzenipo, koma ndatopa. Ngati palibe chimene mukufuna kuona, muziona njira ya kuchimbudzi yokha."

Atangotero anagwira pakamwa. Sanalankhulepo motero kwa bambo ake chibadwire. A Thomson anadikira kuti mawuwo awapweteke, koma sanawapweteke. Anangoti chabwino, n'kupempha kuti awabwezere pa benchi.

Dzina lawo linaitanidwa dzuwa litapendeka. Anawagoneka chagada, n'kuwabaya jakisoni pafupi ndi diso lamanja, ndipo theka la nkhope linachita dzanzi. Anawafunditsa nsalu kumaso. Dokotala, bambo wa mawu otsika amene anamwino ankamutchula kuti a Fraser, anawauza kuti asasunthe mutu ndipo akafuna kutsokomola anene. A Thomson ankaona kuwala kukuyendayenda, n'kumamva madzi ozizira akutsikira kukhutu. Dokotalayo anapempha kachipangizo kaja, ndipo panamveka kung'ambika kwa pepala. Anawafunsa ngati akumva kuwawa. Iwo anati ayi, ndipo zinali zoona. Patapita kanthawi anamva kanthu kakugwera m'ndowa ya zinyalala, dokotala n'kunena kuti zatheka. Anawamata thonje padiso n'kuwatengera kuwodi.

M'mawa mwake onse amene anachitidwa opaleshoni anawakhazika pakhonde lomwe lija, ndipo Rozaria anayamba kumatula mathonje mmodzimmodzi. Mayi wina wokalamba anaimba nthungululu ataona mdzukulu wake. Che Amidu anati Alhamdulillah mobwerezabwereza, kenako anayang'ana akazi awo a Hanan n'kuwafunsa kuti imvi zonsezi anazitenga kuti iwo asakuona. A Hanan anawauza kuti akayambe adziona okha pagalasi.

Thonje la a Thomson litachoka, kuwala kunawalasa, anatsinzina. Atatsegulanso anaona khoma lobiriwira lokhala ndi mng'alu, kenako dzanja la Rozaria, laling'ono kuposa mmene ankaganizira. Anawafunsa kuti zala zimene waimika ndi zingati, iwo anayankha molondola. Rozaria anapitirira kwa wotsatira.

Patsogolo pawo panaima mayi wa nkhope yoonda, wovala nsalu yofwifwa. Anali Aliness. Pamene ankamuona bwinobwino komaliza, Aliness anali mtsikana wongokwatiwa kumene, wa masaya odzaza. Maso awo anatsika pang'ono, n'kuona kuti mwanayo ndi woyembekezera, ndipo miyezi yapita ndithu. Palibe amene anawauza, pakuti si nkhani yoti mwana wamkazi auze bambo ake. Anakumbukira ndowa za madzi osamba zimene zinkafika kubafa tsiku ndi tsiku, ndi mmene Aliness ankapumira mwawefuwefu akamawadzutsa pamkeka. Anayang'ana kumbali.

"Mukundiona, bambo?"

"Ndikukuona."

Rozaria anawapatsa mankhwala odonthezera m'diso ndi magalasi akuda. Anawalangiza kuti apewe fumbi ndi utsi, asawerame kapena kunyamula zolemera mpaka adzawaonenso. Che Amidu anawagwira chanza kwa nthawi yaitali. Anawauza kuti akadzafika ku Jenala adzafunse kwa wokonza njinga wa diso limodzi, adzamwe tiyi.

Atatuluka pachipata, a Thomson anati akufuna adzere kumudzi kwakale. Aliness anakana, anati kuli fumbi ndipo anamwino angoletsa kumene. Iwo anabwerezanso mawu omwewo. Aliness anawayang'ana, n'kuzindikira kuti chichitikireni maliro bambo ake anali asanaumirirepo kanthu chonchi. Anaitana anjinga zamoto.

Anatsika pamene msewu unathera, n'kulowa kanjira kokwera. Aliness anawagwira pamkono mwachizolowezi, iwo sanakane. Diso limodzi linkawanamiza kutalika kwa zinthu, moti ankaponda mwala asanaufike. Atakweza mutu anaona Michesi. Phirilo linali ndi mikwingwirima yoyera yochokera pamwamba mpaka kutsinde, ngati msana wa ng'ombe yokwapulidwa.

Pamene panali mudzi panali mchenga, udzu wautali ndi miyala, ina yaikulu kuposa nyumba. Amayi angapo anakhala pansi pa tizisakasa akuphwanya miyalayo ndi hamala kuti agulitse kwa omanga. Mmodzi anawazindikira, nadzuka kuwapatsa moni, n'kuyamikira kuti maso atseguka. A Thomson anayankha moniyo bwinobwino. Mawu a mayiyo ankawadziwa, koma nkhope yake inali yachilendo.

Anafunafuna mtengo wa mango umene unali pakhomo, sanaupeze. Chitsime panalibe, njira yopita kudimba panalibe. Sukulu yokha inali chiimire pamtunda, malata ake akunyezimira. Anaona kuti kuchokera kusukuluko kufika pamene anaima sipanali patali, ulendo woti munthu akhoza kupita ndi kubwerera madzi a tiyi asanawire.

Anamufunsa Aliness pamene panali nyumba. Iye analoza pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, kenako anasuntha dzanja kuloza cha kumunsi, n'kuvomera kuti sakudziwa bwinobwino.

A Thomson anavula magalasi akuda aja. Anayang'ana pamalopo nthawi yaitali, akudikira. Anayesa kukumbukira nkhope ya a Eveles, koma imene inabwera inali yakale, ya zaka zimene maso anali abwino, ndipo nayonso sinakhalitse. Ankamva kugogoda kwa mahamala ndi mbuzi ikulira kutali. Mumtima munali zii monga mwa masiku onse.

Dzuwa linali lowala kwambiri, ndipo diso lochitidwa opaleshonilo linayamba kuyabwa ndi kutuluka madzi. Madziwo anatsika patsaya mpaka kuchibwano. Aliness atawaona anatulutsa mawu ngati munthu wotsamwa, anakhala pamwala n'kuyamba kulira, akuitana amayi ake. Analira mmene sanalirire pamaliro, pamene anali wotanganidwa ndi kuphikira anthu ndi kuyang'anira bambo ake. Amayi ophwanya miyala aja anasiya kugogoda.

A Thomson ankadziwa kuti si misozi, ndi dzuwa chabe ndi mankhwala. Sanamuuze. Anaima pafupi naye, osapukuta tsayalo, mpaka mwanayo anatonthola yekha n'kudzipukuta ndi nsalu.

"Kuyambira mawa usamandidikirirenso pakhomo," anatero. "Ukafuna kupita kumsika uzipita, ukafuna kugona uzigona. Umuuze Lekani kuti anamwino akandilola, kudimba tizipita awiri."

Aliness anavomera ndi mutu. A Thomson anavalanso magalasi, n'kuyamba kutsika kanjira kaja pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi pamene aponde.