Makala a Jessie, Nkhope ya Agnesi

Galimoto ya atolankhani itaima pa Golomoti, Jessie anali atakonzeka kale: wigi yatsopano, suti yofiira ya pa kaunjika, nsapato zazitali zomwe zinkalowa mumchenga. Kampani yopanga makala kuchokera ku mankhusu a mpunga anaiyambitsa yekha, atagulitsa mbuzi zake zonse. Ankafuna dziko lidziwe zimenezo.

Mtolankhani, Mathews, anamupatsa moni maso ali kwina. Kuseri kwa shedi, Agnesi, mkazi wa mchimwene wake wa Jessie, ankakanda mankhusu ootcha, mwana ali kumbuyo, manja ali bii.

"Eya! Nkhope yomwe tikufuna ndi imeneyi," anatero Mathews. "Amayi, musasambe."

"Mwini wake ndine," anatero Jessie.

"Tamva, achemwali. Koma inu mukuoneka ngati a kubanki. Anthu samva chisoni ndi wigi."

Nkhani itaulutsidwa pa kanema, dzina la Jessie silinamveke. Kunaoneka chigongono chake chofiira basi, m'mphepete. Mutu wa nkhaniyo unali wakuti mayi wosauka wakumudzi wayambitsa kampani yopulumutsa mitengo.

Maoda a makala anayamba kubwera. Oimba foni onse ankafunsa "amayi a mwana aja". Pamsika wa Mtakataka, amayi ogulitsa usipa ankaimirira Agnesi akamadutsa.

"Abwana afika! Nanga a chigongono mwawasiya kuti?"

Agnesi ankangoseka, ndipo kusekako n'kumene kunkamuwotcha Jessie.

"Alamu, mwayamba kuyenda ngati nduna," anatero Jessie tsiku lina. "Makina awa munagula ndinu?"

"Ine ndinaitana atolankhani? Walira mvula walira matope, alamu."

Kenako bungwe lina la ku Lilongwe linaimba kuti likubwera kudzajambula mwini kampani, n'kumutenga kukaonetsa makalawo kuchionetsero cha zamalonda. Jessie sanauze munthu. Tsikulo litakwana, anatuma Agnesi ku Bwanje pa ngolo kukatenga mankhusu.

"Mwanayo musiyeni, dzuwa lakula," anatero mokoma.

Ngolo itangokhota, Jessie anavula wigi, namanga chitenje chong'ambika. Anadzipaka makala m'manja, m'masaya, mpaka m'khosi, n'kubereka mwana wa Agnesi. Mwanayo sanazolowere msana umenewo. Analira mpaka alendo anafika.

Mayi wa bungwelo anatsika atanyamula foni, pali chithunzi cha Agnesi. Anayang'ana chithunzicho, nayang'ana Jessie.

"Abwana anu ali kuti?"

"Ndine ndemwe. Kampaniyi ndi yanga."

Mayiyo anaseka pang'ono. "Ayi, tikufuna awa. Mabwana athu anawakonda awa. Inu ndinu olera mwana?"

Jessie anatsegula pakamwa, koma mwana anamukodzera kumsana. Alendowo anakhala pamthunzi wa mtondo n'kudikira mpaka ngolo inabwera.

Agnesi anatsika, nayang'ana mlamu wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwagwa m'ng'anjo?"

Anamasula mwana wake, ndipo mwanayo anatonthola pomwepo. Wojambula anakonza kamera, kenako anatembenukira kwa Jessie.

"Amayi, tagwirani ambulera iyi, abwana asapse ndi dzuwa. Koma muimire uko, musaoneke."

Jessie anaigwira. Ulendo uno ngakhale chigongono sichinaoneke.